Vavu Yodontha M'galimoto ya Malemu

Aulutsi, ndine mayi wamasiye wa pa boma ku Mwanza. Amuna anga anandisiyira galimoto yogonamo alendo, yokhala ndi giza yotenthetsera madzi. Vavu yake itayamba kudontha, ndinaimanga ndi malegeni monga timachitira ndi mpopi, koma sinaleke.

A pulambala atabwera anagwira pakamwa. "Mayi, mukanaphulitsa thanki! Vavu iyi imatulutsa mphamvu ya nthunzi madzi akatentha kwambiri." Anaimasula, nachotsa mchenga umene unkailepheretsa kutseka, ndipo kudontha kunaleka.

Anzanga, vavu yotere musamaimange. Koma ndiulule: masana ndinkakhala m'galimotomo, kumamvera madonthowo ngati kuti amuna anga akadali pompo, akukhomakhoma zitsulo zawo. Lero ndinalowamonso ndi kapu ya tiyi. Munangoti zii, moti ndinatuluka tiyi ndisanamalize.