Kadilesi ka Marcelina pa Manda a Shehe

Ine, Reinford Kachigunda, wa zaka 24, wa m'mudzi mwa Mkomba, boma la Lilongwe, woyendetsa ngolo pa sitolo ya a Hamdani, mwenye wa kutsidya kwa mlatho, ndikunena izi:

Ndili ndi mkazi, Immaculata, ndi mwana mmodzi, Marcelina, wongoyamba kumene kuyenda. Timagona kuseri kwa sitoloyo. Mwezi uno wa Juni, chaka cha 1958, mwanayo anadwala malungo. Kuchipatala anamubaya jekeseni natipatsa kwinini, koma thupi silinazizire. Anasiya kuyamwa, maso n'kumatembenuzika.

A Sumaila, telala wa pakhonde la sitolo yathu, ndi Msilamu. Anandiuza kuti kutsidya kwa mtsinje wa Lingadzi kuli manda a Shehe wina amene anabwera kalekale kuchokera kunyanja yamchere, ndipo anthu amapita kumeneko kukachita ziyala, ndiko kukaona mandawo ndi kupempha kwa Mulungu. Ndinati ine ndine Mkhristu, komanso kwathu mwana salowa kumanda. Iwo anaseka, nati Shehe safunsa chitupa ngati mesenjala wa msonkho.

Lachinayi masana tinapita pa njinga yawo, mwana nditamubereka ine. Ndi mtunda wa mamailosi atatu kapena kuposerapo. Manda ake ndi amodzi okha, opaka laimu, ofunditsidwa nsalu yobiriwira, pansi pa mkuyu. M'nthambi munali nsanza zambirimbiri zomangirira, zina zitayera ndi dzuwa. Nkhuyu zinali mbwee pansi, koma mbalame sindinaione.

Wosunga mandawo anali a Sefu, mkulu wotsimphina mwendo, wokhala yekha m'kanyumba pafupi pomwepo. Anatiuza tivule nsapato. Anafukiza ubani pa phale, napemphera m'Chiarabu, a Sumaila akuyankha. Anamwetsa mwana madzi a mumtsuko. Kenako anamuvula kadilesi kofiira, kamene a Sumaila anasoka ndi zidutswa zotsala, nakamangirira panthambi. Mawu a mkuluyo ndikuwakumbukira bwino. Anati, “Matenda atsala pano. Kasiyeni, kadzagwa kokha.”

Mwana ndinamukulunga m'malaya anga. Tikuwoloka mtsinje anatuluka thukuta. Pofika kunyumba analira kufuna bere, ndipo anayamwa mpaka kugona.

Lachisanu anabwera apongozi anga kuchokera kumudzi. Posambitsa mwana anafunsa za kadilesi, Immaculata nawauza. Ine ndinali panja ndikudzoza girisi m'mawilo. Analankhula atandifulatira, kudzera mwa mwana wawo, monga mwa mwambo. Anati chovala cha mwana wamoyo sichigona kumanda, ndiko kumupereka kwa akufa ndi manja awiri. Anati kakapanda kuchokako, atenga Immaculata ndi mwana yemwe kubwerera nawo kumudzi, ine ndikwatire mkuyuwo.

Loweruka m'mawa ndinatula mchere kumsika, n'kumasula ng'ombe, n'kupita ndekha wapansi. A Sumaila sindinawauze. Kunali mphepo yozizira. Nsanza zonse zinkakupiza, koma kadilesi kokha kanali chilendewere, osagwedezeka. Nditakagwira kanali konyowa, kotentha ngati kachoka kumene pa simbi. Mvula inaleka mwezi wa Epulo. Ndinakamasula.

A Sefu anatuluka m'kanyumba nandigwira dzanja. Tinakokana, iwo uku, ine uku. Mayi wina wotola nkhuni anaima panjira n'kumatiyang'ana. Ndikuganiza kuti ndi ameneyo anabwera kudzanena kuno kupolisi kuti tinamenyana. Sindinawamenye. Sanagwe pansi. Ndinali ndi chikwapu cha ng'ombe m'chiuno koma sindinachisolole.

Ndinawafotokozera za apongozi. Anafunsa kuti mwana wadzuka bwanji, ine ndinati wadya phala, akuthamangitsa nkhuku. Anandipempha kuti ndibwezere kadilesiko panthambi. Ndinakana. Anati ndiye tikakwirire pomwepo, koma ndinati kukwirira chovala cha mwana kumanda n'koipa kuposa kumangirira. Anayang'ana mandawo. Kenako anati, “Kumanda mwakana, kunyumba sikangapite. Ndiye kakhale pa munthu wamoyo.”

Anakamanga okha pamkono wawo wamanzere, mfundo yake n'kukoka ndi mano. Ine sindinawathandize, komanso sindinawaletse. Anati ndikauze apongozi kuti sikali kumanda ayi, kali ndi agogo ake, kutanthauza iwo eni. Anandiuza ndisambe m'manja ndi madzi a mumtsuko, ndipo ndinasamba. Nditafika pokhotera njira ndinacheuka. Anali atakhala padzuwa, atafunda bulangete, mano akuguguda. Pobwera ndinawapeza ali bwino.

Apongozi atamva anati ngati kali pa munthu palibe kanthu, nabwerera kumudzi tsiku lomwelo.

Lolemba a Sumaila anafika mochedwa pakhonde. Sanatsegule makina. Anandiuza kuti a Sefu apezeka atafa m'kanyumba kawo, ndipo apolisi afika mtembo usanasambitsidwe. Anati iwo anaugwira dzuwa lili pamutu, mtembowo utauma kale koma ukutenthabe. Chilonda panalibe. Kadilesi anakazindikira ndi iwo chifukwa cha msoko wawo, ndipo ndi iwo anatchula dzina langa. Sindikuwadandaula.

Kadilesi kali patebulo apaka ndi komweko. Ndakazindikira popanda kukagwira. Mfundoyo ndi ya a Sefu, apolisi anachita kudula m'mbali ndi mpeni. A sajeni akuti mlandu ukatha ndidzatenge popeza ndi katundu wanga. Ndikupempha kuti zilembedwe kuti sindikukafuna. Akapereke kwa a Sumaila, anyamule ndi ndodo, akamangirire panthambi yomwe ija. Apongozi ndikalankhula nawo ndekha.

Ndikupemphanso kuti mkazi wanga asalowe muno. Ali pabenchi panjapo, mwana ali kumbuyo. Ngati mukufuna mawu ake, mukawatengere pansi pa mtengo.

Wapolisi amene anabwera nako kuchokera ku Lingadzi ndamuona pakhomo ndikulowa. Wavala jasi, ndipo kunja kuli dzuwa. Ndamuuza kuti asakafike pafupi ndi ana ake, iye wandiseka.

Ndi zomwe ndikudziwa. Andiwerengera, ndipo ndi momwe ndanenera.

Wopereka umboni: Reinford Kachigunda (chidindo cha chala chamanja)
Wolemba: Konsitebo Nebert Mwalawanga, Polisi ya Lilongwe