Amayi anga ankakana kulembetsa kwa dokotala ali bwino

Zikomo pondiwerengera nkhaniyi. Ndimakhala ku Evington, kuno ku Leicester, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba.

Amayi anga atabwera kudzakhazikika kuno, ndinawapempha kuti ndikawalembetse kwa dokotala wa boma wa m'dera lathu, amene kuno timati GP. Ndinawafotokozera kuti n'zaulere, ndipo pa msinkhu wawo ngakhale mankhwala salipira. Anakana kwamtuwagalu.

"Iwe, munthu amapita kuchipatala akadwala," anatero. "Ndikalembetse dzina ndili bwinobwino? Ukufuna kundiitanira matenda?"

Mankhwala awo a BP ankachokera ku Blantyre, m'zikwama za anzathu a kutchalitchi akamabwerera kuno. Ndiye ulendo wina mayi amene ananyamula mankhwalawo anachedwa kumudzi chifukwa cha maliro. Mankhwala anatha, amayi osandiuza.

Tsiku lina masana ndinawapeza atagwa kukhitchini, pakamwa patapotoka. A ambulansi atandifunsa dzina la GP wawo, ndinawauza kuti alibe. Atafunsa mankhwala amene amamwa, ndinawaonetsa kapulasitiki kopanda kanthu, zolemba zake zitafufutika.

Madokotala anati inali sitiroko. Panopa amayi anatuluka m'chipatala, koma mkono wamanja sukugwira. Ndikakhala pa shifiti, foni ikangolira ndimangoganiza kuti amayi agwanso! Anzanga amene muli ndi makolo kuno, akakana musatope kuwanyengerera.

Dzulo ndi pamene tinakawalembetsa. Anasaina ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, kenako anandiyang'ana.

"Mwanawe," anatero, "matenda aja abwera okha, osawaitana."