Stabilaiza ya Che Twaibu

Che Twaibu, dalaivala wa banja lina ku Fereej Al Murra, kudziko la Aluya, anali atataya kawiri mphika wa msuzi umene madamu amatumiza kwa achibale madzulo a Ramadani. Bwana ananeneratu kuti ukatayika kachitatu dalaivalayo akwera ndege ya ku Mangochi, choncho anathamangira kugalaja kwa Anwari, makaniko amene mukamuuza kuti dikira pano, mudzamupeza pomwepo mawa.

"Galimoto ikupendama paraundabauti," anatero Che Twaibu. "Ika stabilaiza yakutsogolo yonenepa kuposa zonse. Yalla, fulumira!"

Anwari anatulutsa zitsulo zitatu n'kuziyala pansi. "Yonenepayi, galimoto sipendamadi."

"Eya, imeneyo!"

"Koma paraundabauti izingopitirira kutsogolo."

"Nanga mphika?"

"Mphika ukhala bwinobwino. Galimoto ndi imene ikagunde kanjedza."

"Iwe, ine ndayendetsa minibasi ya Limbe–Mangochi zaka naini. Mbuzi padenga, anthu twente-thuu mkati, wosagwa ndi mmodzi yemwe!"

"Munali msuzi?"

"Munalibe."

"Ndiye sizikuwerengedwa." Anwari anatenga cholembera. "Paraundabauti mumalowa pa liwiro lanji?"

"Labwinobwino."

"Labwinobwino ndi nambala yanji?"

Che Twaibu anakanda kuseri kwa khutu. "Seventeko."

"Ndilembe sevente, kapena seventeko?"

"Dzuwa limakhala likulowa, mphwanga! Nane ndimakhala ndasala. Ukufuna anthu amasule kusala ndi madzi okha? Wallahi, ika yonenepayo, khalas, nkhani yatha!"

"Chabwino. Ndiyambe ndawaimbira bwana wanu."

"Bwana akulowa pati?"

"Anaimba m'mawa. Akuti ndipeze chimene chikutayitsa msuzi, ndiwauze, achichotse n'kuika china."

Anwari anagwada, n'kugwedeza stabilaiza yakale, n'kuigogoda ndi sipanala. Inali yolimba gwa. Anadzuka, nayang'ana mpando wa dalaivala, kenako Che Twaibu, n'kuyamba kulemba.

Apa Che Twaibu anasendera pafupi n'kusuzumira papepalapo. Sukulu ya ana awo atatu ku Mangochi inali pampando umenewo.

"Ukulemba chiyani?"

"Chimene ndapeza. Twaibu amalembedwa ndi u kumapeto eti?"

"Aaa, Che Anwari, achimwene anga! Ndati sevente ine? Lilime la munthu wosala limaterereka. Twente."

"Twente?" Anwari anafufuta. "Pa twente yakaleyi ndi yokwana. Ndiwauza kuti galimoto ilibe vuto."

"Ayi! Ukatero adziwa kuti vuto lili pati!"

"Ndiye ndiike yonenepa ija?"

Che Twaibu anayang'ana zitsulo zitatu zija, n'kuloza ndi phazi kachitsulo kakang'ono kwambiri.

"Ika kalikonse, mphwanga, bola kazinyezimira bwana akasuzumira. Stabilaiza ndikhala ine."