Chithunzi cha Kuntchito

Basi inachedwa, pa siteji n'kutsala anthu awiri: mayi wina wa mu ofesi, maso ali pa foni, ndi bambo wachikulire amene anasuzumirapo.

"Ukwati umenewo, mayi?"

"Ayi bambo, n'chithunzi cha kuntchito. Tonse a mu ofesi."

"Tonse? Ine ndikungoona azungu okhaokha. Inu muli pati?"

"Ine ndimajambula. Chaka chilichonse kamera amapatsa ine, ati dzanja langa silinjenjemera."

"Bwanji osakadandaula kwa abwana?"

"Abwanawo ndi awa akumwetulirawa. Kamerayo amandipatsa ndi iwowo."

"Koma abale!"

"Amayi anga akufuna kuona kumene mwana wawo amagwira ntchito. Ndiwatumizira chomwechi."

"Nanga akakuonani pati?"

"Mukukaona kachala kakuda katchinga pakonapa? Ndinachita dala."