Ndinasintha manambala a chitsulo chopyapyala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Lero ndabwera ndi nkhani yochititsa manyazi, chifukwa vuto lomwe Mulungu anandichotsamo ndinaliputa ndekha.

Ndine mwana wa msodzi wa kwa Mphuka, ndipo ndinapeza mwayi wophunzira sayansi ku yunivesite ya kunja. Ntchito yanga inali kuyeza mmene magetsi amavutikira kudutsa m'chitsulo china chatsopano, chopyapyala kuposa khungu la anyezi, chomwe amafuna kupangira timawaya ta m'kati mwa foni. Aliyense amadziwa kuti chitsulo cha kopa ukachipyapyalitsa, magetsi amadutsa movutikira. Koma changacho, chikapyapyala magetsi ankadutsa mosavuta. Ndinayeza kanayi, zomwezo.

Ndinali nditawerengapo kuti zitsulo zina zimatero, koma ndinati zoterezi sizingatulukire m'manja ozolowera kuwamba nsomba. Poopa kusekedwa, ndinasintha manambala kuti afanane ndi a kopa. Apulofesa anga, mayi wofatsa, anawayang'ana nati, "Basi, chitsulochi n'chopanda ntchito, tichisiye." Ntchito ya anthu asanu inaima chifukwa cha bodza langa.

Pa holide ndinabwera kwathu. Lamulungu kutchalitchi ku Katondwe atate anga ankandionetsa kwa anthu kuti, "Uyu ndiye wasayansi wathu," ine ndikulakalaka nthaka itandimeza. Nthawi ya Ukaristia sindinanyamuke pa benchi.

Pobwerera kunyumba, amai anga anandikokera kumbuyo. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za magetsi sadziwako kanthu.

"Manje iwe unaona chani na maso yako?" anandifunsa.

"Zina, amai."

"Ndiye kamba zamene unaona. Nsomba yowola siibisika pansi pa dengu."

Tinagwada pamthunzi pambali pa msewu n'kupemphera. Tsiku lomwelo ndinajambula masamba a kope langa momwe munali manambala enieni, ndinatumiza kwa apulofesa pamodzi ndi kuulula kwanga. Ndinkadziwa kuti akhoza kundichotsa sukulu. Sabata yathunthu foni inali zii.

Kenako apulofesa anaimba. Anandikalipira, ndipo ndinayenera kukalipiridwa. Anati ndibwereza chaka, ndiyezanso zonse wina akundiyang'anira, ndiponso ndikapepese kwa anzanga pamaso. Atatero anati manambala enieniwo ndi omwe akhala akufunafuna, chifukwa m'chitsulo chotere magetsi amathamanga pamwamba pake, n'chifukwa chake kupyapyala kumachithandiza. Ndinalira ngati mwana.

Ndikuthokoza Mulungu kuti sanandichotse sukulu, ndipo ntchito ya anzanga inayambiranso. Manyazi sanathe, ndikalowa m'labu ndimawamvabe. Koma inu amene mwabisa kanthu lero, musataye mtima, limbani ndipo kaululeni. Ine miyezi yonse ija ndinkapempha Ambuye kuti andipatse yankho, pomwe anali atandipatsa kale kanayi konse, ine n'kulifufuta ndi dzanja langa.