Masamba a pa Mpanda wa Aneba

Kunali pa mzere wa sitolo ya zokometsera zakudya mumzinda wa Zahle, kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane. Mayi wachitsikana anatembenukira mayi wachikulire amene anali kumbuyo kwake, namutcha Tante, dzina laulemu la amayi achikulire kumeneko.

"Ine ndangobwerera sinamoni, Tante. Mowa wa jini ndausiya ukufunda pa moto. Uchi ndathira kale, makoko a lalanje, ndi masamba onunkhiritsa aja a ghar."

"Ghar wamupeza kuti, mwana wanga? Muno anatha dzulo."

"Ndathyola pa mpanda wa aneba."

"Masamba ake otani?"

"Aatali, osongoka. Nthawi yotentha mtengowo umachita maluwa apinki."

"Mayi Maria! Ghar sachita maluwa apinki! Ameneyo ndi defle, wapoizoni. Anapha mbuzi zitatu za mchimwene wanga tsiku limodzi. Walawako?"

"Ayi, ndine woyembekezera. Koma ndaponyamo masamba odzaza dzanja."

"Kunyumba kuli ndani?"

"Apongozi anga, a Nohad. Iwo samwa mowa."

"Aimbire foni msanga!"

"Ikungoitana. Amaiiwala m'thumba la jasi."

"Bola poti samwa. Ukakafika ukataye mowawo, ndi mphika womwe."

"Koma Tante! Apongoziwo salola mlendo kutuluka pakhomo kukamwa kuli kouma. Ukakana kawiri, kachitatu amakugwiritsa kapu m'manja."

"Kukubwera mlendo lero?"

"Abuna Sarkis, ansembe athu. Anati abwera kudzawaona folo koloko."

"Ndiye ukudikira sinamoni wa chiyani? Belu la folo lalira iwe ukundiuza za uchi. Thamanga!"