Maenvulopu a Malemu ndi Malaya a Dalaivala

Amene tikuwaika m'manda lero ndi mayi omwe kuntchito ankatchedwa a Maenvulopu, dzina lomwe linayamba ngati chipongwe iwo n'kulilandira ndi manja awiri. Anabadwa mu 1968 m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu.

Atamaliza sekondale anakachita maphunziro a za labotale. Mu 1993 anakwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu, bambo amene akhala pafupi ndi bokosiwa. Kutchalitchi ankaimba kwaya ndi kuyendera odwala.

Malemu anagwira ntchito zaka 29 mu labotale yoyeza umboni wa milandu. Ankakonda kunena kuti m'dontho la magazi muli mboni ziwiri. Yoyamba ndi DNA, yomwe imatchula mwini magazi. Yachiwiri ndi RNA, yomwe imatha pang'onopang'ono, moti katswiri angathe kuyerekeza kuti magaziwo anadontha liti. Koma RNA sichedwa kuwonongeka ikangomva chinyezi. N'chifukwa chake chovala chilichonse ankachiumitsa n'kuchisunga mu envulopu yapepala yopita mpweya, osati m'pulasitiki.

Mu 2019 dalaivala wina anamangidwa pomuganizira kuti anapha bwana wake, chifukwa pamalaya ake panapezeka magazi a bwanayo. Iye ankalumbira kuti magaziwo anamudonthera miyezi inayi m'mbuyomo, tsiku limene anathamangira ndi bwanayo kuchipatala atavulala pangozi. Malemu atayeza koyamba anapeza kuti magaziwo analidi akale. Panangotsala kuyeza kachiwiri kuti khoti livomereze.

Nthawi imeneyo malemu anapita kukathandiza mwana wawo amene anali atangobereka. Inali nyengo ya mvula, ndipo kulabotale kunkayembekezeka alendo. Mkulu wa labotale, amene akhala kutsogoloku atavala magalasi akuda, anaona kuti maenvulopu akuchititsa manyazi mashelefu. Analamula kuti umboni wonse ulongedwe m'mapulasitiki onyezimira. Alendo anayamikira ukhondo, anamwa tiyi, n'kumapita. Malemu pobwera patatha masabata atatu anapeza malaya aja atachita chuku, RNA yonse itatheratu.

Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mutu uwu unalewa bwinobwino, nkhonya n'kugwera malemu. Analandira kalata yowanena kuti ndi osasamala, ndipo mayi a luso lotere anawatumiza kukatsuka mabotolo. Anzawo amene analongeza umboniwo ndi manja awo anangoti chete, aliyense atakumbatira mpando wake. Lero ndi omwewo amene akulira mokweza kuposa ana a malemu. Dalaivala uja anagamulidwa kukakhala kundende zaka 20.

Malemu analemba makalata khumi ndi imodzi opempha kuti mlanduwo uunikidwenso, koma yankho silinabwere ngakhale limodzi. Mwezi uliwonse ankapita kundende kukamuona bamboyo. Za kuipitsidwa kwa dzina lawo sankadandaula. Chimene chinkawasowetsa tulo n'chakuti munthu akuvutika pomwe iwo anaona ndi maso awo kuti sanalakwe.

Anayamba kudwala matenda othamanga magazi, ndipo chaka chatha anafa ziwalo mbali imodzi. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, atapempha amuna awo kuti envulopu ya zotsatira zoyamba zija, imene anaisunga, ikaperekedwe kwa mkazi wa dalaivala. Yaperekedwa dzulo, ndipo loya wa dalaivalayo waiwerenga kale.

Asiya amuna awo, ana aakazi awiri, mwana wamwamuna mmodzi, zidzukulu zinayi, mlongo wawo mmodzi ndi mng'ono wawo. Asiyanso dalaivala amene sanathe kubwera, chifukwa akadali m'ndende.

Nkhata ya maluwa yochokera kwa mkulu wa labotale yafika itakulungidwa m'pulasitiki. Banja lapempha kuti isamasulidwe, ndiponso isaikidwe pamandapa. Eniake abwerere nayo, akaisunge pashelefu masabata atatu, adzaone okha.

Koma mayi athuwa, amene anagwira ntchito yawo moona mtima, apumule mu mtendere.